Lachitatu: ndani anandinyamula tsiku lomwe ndinathyoka mkono?

Ndadzuka ndi mkwiyo womwe ndinagona nawo. Dzulo usiku tinakangana pa foni ndi achemwali anga, mpaka ndinatulutsa mawu amene sindinawalankhulepo chibadwire: "Achemwali, mukunama." Iwo anangokhala chete pang'ono, kenako n'kudula foni.

Nkhani yake ndi yakalekale, ya tsiku lomwe ndinagwa mumtengo n'kuthyoka mkono ndili ndi zaka 7. Ine ndimakumbukira kuti anandinyamula ndi bambo. Ndimawaona malaya awo otuwa, ndimamva mtima wawo ukugunda pafupi ndi khutu langa uku akuthamanga nane. Bambo anatisiya zaka 12 zapitazo, ndipo pa zonse zimene ndinatsala nazo za iwo, chithunzi chimenechi ndi chomwe ndimachigwiritsitsa. Koma achemwali akuti bambo kunalibe tsiku limenelo. Akuti anandibereka kumsana ndi iwowo, ali ndi zaka 14, mpaka kukapeza thandizo. Nditamva zimenezi ndinaona ngati akufuna kundilanda bambo kachiwiri.

Kuntchito m'mawa wonse sindinagwire chilichonse chooneka. Nthawi yopuma masana ndinamukhuthulira nkhaniyi mnzanga wina amene anaphunzira zamaganizo a anthu ku yunivesite. Ndimayembekezera kuti andiikira kumbuyo. Iye anangondifunsa kuti, "Kodi nkhani imeneyi mwaifotokozapo kangati pa moyo wanu?" Ndinati sindingawerenge. Ndinaifotokoza pamaliro a bambo, ndimawafotokozera ana anga, ndimadzifotokozera ndekha tulo tikasowa. Anagwedeza mutu n'kunena kuti vuto likhoza kukhala lomwelo. Anati ambirife timaganiza kuti mutu umasunga zinthu ngati kanema wojambulidwa, woti ukangotsegula uone zomwe zija osasintha. Koma nthawi iliyonse tikamakumbukira, timamanganso nkhaniyo kuchokera ku tizidutswa, ndipo pamene pali mpata timatsekapo ndi zimene tinamva kwa ena, zimene tinaona pa chithunzi, ngakhalenso zimene mtima ukulakalaka. Katswiri wina wa ku Cambridge, Frederic Bartlett, analemba zimenezi kale mu 1932, ataona momwe anthu amasinthira nthano yachilendo akamaibwereza patapita nthawi, kuchotsa zosawazolowera n'kuikamo zowazolowera.

Kenako anandiuza za Elizabeth Loftus, katswiri wa zamaganizo a anthu wa ku America. Mu 1974 mayi ameneyu ndi mnzake John Palmer anaonetsa ophunzira kanema wa ngozi ya pamsewu, n'kuwafunsa liwiro la magalimotowo. Funso linali limodzi, kusiyana kwake kunali mawu amodzi okha. Amene anafunsidwa za magalimoto "ataphwanyana" anatchula liwiro la mamailosi pafupifupi 41 pa ola, pamene amene anafunsidwa za magalimoto "atakhudzana" anatchula pafupifupi 32. Kanema anali yemweyo. Pakafukufuku wachiwiri, wa ophunzira ena, anafunsa ndi mawu akuti kuphwanyana ndi akuti kugundana, kenako anawaitananso patapita sabata n'kuwafunsa ngati anaona magalasi osweka. Mukanemamo munalibe galasi losweka ngakhale limodzi, koma mwa anthu 50 amene anamva mawu akuti kuphwanyana, 16 anati anawaona, pamene mwa 50 amene anamva mawu akuti kugundana anali 7 okha.

Ndinamutsutsa. Ndinati imeneyo ndi ngozi ya pakanema ya anthu osawadziwa, yanga ndi nkhani ya mkono wanga komanso bambo anga, ndipo chinthu chowawa chotero munthu sangachisokoneze. Anandiyankha kuti ndikafufuze ndekha za Challenger ndi za Piaget, iye n'kubwerera pa desiki yake.

Ndinafufuzadi pa intaneti, ntchito ili pambali. Pa 28 Januwale 1986 chombo cha ku America chopita mumlengalenga chotchedwa Challenger chinaphulika patangopita masekondi 73 chinyamukire, anthu 7 onse omwe anali momwemo n'kufa. M'mawa mwake Ulric Neisser, mphunzitsi wa ku Emory University, anauza ophunzira kuti alembe komwe anali pamene ankamva uthengawo, anali ndi ndani, ankachita chiyani. Patapita zaka pafupifupi zitatu, 44 mwa iwo anafunsidwanso mafunso omwewo. Ambiri anafotokoza zosiyana ndi zomwe analemba poyamba, ena zosiyaniratu, koma akulankhula motsimikiza kwambiri. Chomwe chinandigwira mtima ndi chakuti ataonetsedwa mapepala olembedwa ndi dzanja lawo lomwe, kukumbukira kwakale kuja sikunabwerere. Nkhani yatsopanoyo inali itakhazikika kale.

Ya Jean Piaget ndiye inandikhalitsa chete nthawi yaitali, chifukwa ikufanana ndi yanga. Katswiri wa ku Switzerland ameneyu, wodziwika ndi kafukufuku wa kakulidwe ka nzeru za ana, ankakumbukira bwinobwino kuti ali wakhanda munthu wina anafuna kumuba mumsewu wa Champs-Élysées ku Paris. Ankaona mlezi wake akulimbana ndi munthuyo, zikande kumaso kwa mleziyo, wapolisi akubwera. Atafika zaka 15, mlezi uja analembera makolo ake kalata youlula kuti nkhani yonseyo anangoipeka, mpaka anafuna kubweza wotchi imene anamupatsa pomuthokoza. Piaget anali atamva nkhaniyo ali mwana, mutu wake n'kuijambula, chithunzicho n'kukhala ngati chinthu chimene anaona ndi maso ake. Sankanama. Ankakhulupirira ndi mtima wonse.

Apa ndi pamene ndinayamba kuona chomwe ndinalakwa usiku. Ndinkaganiza kuti ngati nkhani zathu zikusiyana, ndiye kuti mmodzi wa ife ndi wabodza, ndipo poti ine ndikudziwa kuti sindikunama, wabodzayo ndi achemwali. Sindinaganizeko kuti munthu akhoza kulankhula moona mtima zinthu zomwe sizinachitike. Ndipo zimenezi zapwetekapo anthu kuposa kukangana kwa pachibale. Ku North Carolina mu 1984 Jennifer Thompson, atagwiriridwa, analoza Ronald Cotton motsimikiza kuti ndi amene anamuchita chipongwe. Cotton anakhala m'ndende zaka zoposa 10, mpaka mu 1995 pamene kuyeza DNA kunaonetsa kuti anali munthu wina. Mayiyo nayenso sankanama. Ankaona nkhope ya Cotton m'mutu mwake monga momwe ine ndimaonera malaya otuwa aja.

Madzulo nditafika kunyumba ndinaimbira amayi. Ndinayesetsa kufunsa mosawatsogolera, poti masana omwewa ndinali nditaona zomwe mawu amodzi angachite. Ndinangoti, "Amayi, tandiuzeni za tsiku lija ndinathyoka mkono."

Sanachedwe. "Iwe, tsiku limenelo ndinatsala pang'ono kufa ndi mantha. Bambo ako anali kutali kuntchito, ine ndinali nditachokapo. Anakubereka ndi mchemwali wako, anafika nawe miyendo ikunjenjemera. Bambo ako anabwera patapita masiku atatu, uli kale ndi chikhakha. Tsiku lotuluka m'chipatala ndi pomwe anakunyamula m'manja, unkakana kuyenda."

Ndinawafunsa za malaya otuwa. Anaseka n'kunena kuti analidi nawo, ankawakonda kwambiri.

Ndikudziwa kuti amayi nawonso ndi munthu, mutu wawo umamanga nkhani monga wanga. Koma anthu awiri, aliyense payekha, anena chinthu chimodzi, ndipo zomwe anena zikulongosola komwe chithunzi changa chinachokera. Bambo anandinyamuladi, malayawo analipodi, mtima wawo ndinaumvadi ukugunda. Kungoti mutu wanga unatenga tsiku lotuluka m'chipatala n'kulisokerera pa tsiku lakugwa, kenako n'kuwonjezera kuthamanga. Ndikuganiza kuti zinalimba bambo atamwalira, pamene ndinkafunitsitsa nkhani imodzi yosonyeza kuti ankandikonda, ndipo ndinaibwereza mpaka msoko wake unasiya kuoneka.

Ndinakhala pampando mpaka kunja kunada. Chimene chinkandiwawa sichinalinso cha bambo ayi. Chinali cha mtsikana wa zaka 14 amene ananyamula mwana wolira, wolemera, mkono uli lende, payekha popanda wamkulu aliyense pafupi. Kwa zaka zonsezi wakhala akundimva ndikufotokoza nkhaniyi pamaso pa anthu, ngakhale pamaliro, iye osatchulidwamo. Anakhala chete mwina poona kuti ndikuifuna. Tsiku limodzi lokha lomwe wanena zoona zake, ine n'kumutcha wabodza.

Ndinawaimbira cha m'ma 9 koloko. Foni inaitana nthawi yaitali.

"Achemwali, pepani. Ndalankhula ndi amayi. Munandibereka ndinu."

Anapumira m'mwamba. "Ndimadziwa kuti sumanama dala. Unali mwana, ndiponso ululu unali utakusokoneza mutu." Anakhala chete, kenako anayamba kuseka. "Ukudziwa kuti unandiluma paphewa njira yonse? Mano ako anakhala akuoneka kwa masiku angapo."

Zimenezo sindikuzikumbukira ngakhale pang'ono. Ndinawapempha kuti andifotokozere zonse kuyambira pomwe anamva kukuwa kwanga, ndipo ndinamvetsera osawadula. Tinalankhula pafupifupi ola lathunthu. Anandiuza kuti anapuma kawiri panjira, ndiponso kuti ankandiimbira nyimbo kuti ndisiye kulira koma mawu ankawathera ndi phuma.

Panopa ndili pabedi. Ndayesa kutseka maso kuti ndione tsiku lija monga andifotokozera, msana wawo, phewa lija, nyimbo yodukaduka. Chomwe chikubwera ndi malaya otuwa omwe aja. Choncho ndadzukanso, ndatenga kope, ndalemba mawu a achemwali onse monga awanenera, n'kuikapo deti la lero.