Columbia yanga, sabata yachisanu: phiko lamanzere

Ndikupanga kachifanizo ka Columbia, chombo cha ku America chopita kuthambo chomwe chinaphwasuka mu 2003. Thanki yake yamafuta yauma penti tsopano. Ndi paipi ya PVC yotsala pomwe tinkakonza bafa, ndipo nsonga yake ndinasema fomu yoyera ija imabwera m'katoni ya TV. Penti ndiye anandivuta. Wa olenji wa kusitolo amawala ngati Fanta, chonsecho thanki yeniyeni inkaoneka ngati dzimbiri, ndiye ndinkadonthezamo bulauni mpaka mtima unakhala pansi. Maroketi awiri a m'mbali sindinawayambe.

Phiko lamanja ndinamaliza madzulo amodzi. Lamanzere lakhala pathebulo masiku anayi.

Loweruka lija, pa 1 February 2003, ndinali Fomu 3. Mvula itangokata chakumadzulo, bambo anali pakhonde ndi wailesi yawo, atatchera BBC. Anandiitana: "Iwe wasukulu, tabwera, akuti chiyani awa?" Ndinamasulira momwe ndikanathera: chombo chaphwasukira mumlengalenga mwa Texas, kutatsala mphindi 16 kuti chitere ku Florida, ndipo munali anthu asanu ndi awiri. Mayi, akusenda chimanga chachiwisi, anangofunsa kuti, "Nanga abale awo akaika chiyani m'manda?" Ndinasowa choyankha. Patapita zaka m'pamene ndinawerenga kuti ofufuza anayenda m'nkhalango za kum'mawa kwa Texas mpaka anapeza zotsala za matupi a onse. Ndikanakonda mayi akanamva zimenezo.

Posema nsonga ya thanki, kachidutswa ka fomu kanagwa pansi osamveka n'komwe. Ndinakatola n'kukhala chete. Pa 16 January, patangotha masekondi 82 chinyamukire Columbia yeniyeni, fomu yosafika ndi kilogalamu yomwe inathothoka kuthanki n'kumenya mphepete mwa phiko lamanzere pa liwiro loposa makilomita 800 pa ola. Pobwerera, mpweya wotentha unalowera pabowo limene fomuyo inaboola n'kusungunula phiko chamkati. Masiku 16 onse aja Rick Husband, Kalpana Chawla, Ilan Ramon ndi anzawo ankagwira ntchito, bowo lili pomwepo.

Mwana wanga akuti ndibowole phikolo kuti lifanane ndi lenileni. Ndakana. Yangayi ikhala yathunthu, mphepete mwake motuwa bwinobwino.

Chatsala: mbali yakuda ija ya pamwamba pa mapiko cha kutsogolo, imene inkasiyanitsa Columbia ndi zinzake, ndi mayina onse asanu ndi awiri pathabwa loikapo. Guluu watha, ndigula Lolemba.