Gwero la Liwu Lakuti "Holy"

Lamlungu lapitali, nditakhala m'tchalitchi cha St Michael and All Angels kuno ku Blantyre, chimene chinamangidwa pakati pa 1888 ndi 1891 motsogozedwa ndi m'busa David Clement Scott, ndinamva liwu lakuti "holy", lotanthauza woyera kapena wopatulika, likubwerezedwa kangapo m'mapemphero a Chingerezi, ndipo ndinayamba kusinkhasinkha za kumene linachokera.

Liwuli linachokera ku liwu la Chingerezi chakale lakuti "halig", lomwe ndi la muzu umodzi ndi "hal", kutanthauza chinthu chathunthu, chosasweka ndiponso chathanzi. Pa muzu womwewo panaphukanso mawu akuti "whole", "heal" ndi "health". Akatswiri ambiri a zilankhulo amaganiza kuti poyamba chinthu chopatulika chinali chimene chiyenera kusungidwa chamtunthu, popanda wochiphwanya kapena kuchiipitsa. Mfundo imeneyi imandikhudza mtima kwambiri, chifukwa ife tikamati "woyera" timaona ukhondo ndi kuwala kwa chinthu chopanda banga, pamene Angerezi akale ankaona chinthu chosagumuka, ngati mbiya imene sinang'ambikepo.

Liwu lakuti "holiday", lochokeranso ku "halig", poyamba linkatanthauza tsiku lopatulika la chipembedzo, ngakhale masiku ano ambiri akalimva amaganiza za tchuthi cha kunyanja ku Mangochi. Panalinso liwu lina, "halidom", limene linkaimira chiyero, malo opatulika, ngakhalenso zinthu zotsala za oyera mtima zimene anthu ankalumbirirapo. Limeneli linazilala. Koma "hallowed" likadalipo m'Pemphero la Ambuye la m'Baibulo la King James la 1611, pamalo pamene ife timati dzina lanu liyeretsedwe.