Tsiku limene foni inandionetsa kwa apongozi

Popeza nkhaniyi yafika kale kwa akabaza a pa Kamuzu Road, ndipo ena ayamba kuithira mchere wawo, bola ndinene ndekha. Sindinali maliseche. Kabudula analipo. Za malaya, aliyense wodziwa dzuwa la Okutobala ku Salima kuno sangandifunse.

Ndinali chagada pamphasa pakhonde, nsima ya usipa itangotsika, foni ili pa tchaja nditaitsamiritsa kukhoma. Sindinaikhudze ngakhale ndi chikhadabo. Yokha inatsegula WhatsApp, n'kusiya anzanga onse, n'kusiya onse amene ndili nawo ngongole, n'kuimba video call kwa apongozi anga aakazi a ku Khombedza. Anthu inu, chikwatirire mayi amenewa sindinawayang'anepo m'maso. Tikakumana panjira ndimapatuka, moni timapatsana nditanjuta poteropo. Ndiye tsiku loyamba kundiona bwinobwino, chimene chinadzaza foni yawo ndi mimba. Mimba yokhuta, yonyezimira ndi thukuta, ikukwera, ikutsika. Mutu sunalowe nawo m'chithunzi.

Akuti anapereka moni. "Mwaswera bwanji, bambo?" Mimba inakwera, n'kutsika. Anatsamiritsa foni pamtondo kuti awombe m'manja, n'kubwereza moni uja. Mimba inayankha ndi mkonono. Anaitana adzukulu kuti adzaone ngati netiweki yavuta. Adzukulu anayang'anitsitsa n'kunena kuti netiweki ilibe vuto, agogo, chimenecho ndi mchombo. Kudula sanadule, chifukwa kudulira mkamwini foni n'kupanda ulemu. Anakhala pomwepo akudikira kuti mwina ndili ndi mawu, mpaka bandulo yanga inatha. Sabata yomweyo kunyumba kunafika phukusi la mtedza, pansi pake pali vesiti yatsopano.

Tsono inu amene mukuti ndinalodzedwa, ndi inu amene mukuti ndinalawa kachasu masana, imvani. Vutoli okonza mafoni amalitchula ghost touch. Sikirini ya foni sidziwa chala cha munthu. Imangomva kuti mphamvu ya magetsi yasintha pang'ono pamalo akutiakuti, basi n'kunena kuti padinidwa. Dontho la thukuta, chinyontho cholowera pamng'alu, kapena tchaja yotulutsa magetsi osakhazikika, zonsezi kwa foni ndi chala.

N'chifukwa chake poyambira ndi pa tchaja. Zulani, muone ngati misala yaleka. Yanga ndinagula padepoti, yopepuka ngati chikoko cha mtedza, ndipo wogulitsayo analumbira kuti ndi orijino. Nditazula, foni inati zii. Nditaika tchaja ya akazi anga, imene inabwera ndi foni yawo m'katoni, zii. Ndinalengeza pabanja kuti mlandu watha, wolakwa wapezeka.

Lamlungu lake, popanda tchaja iliyonse, foni inatsegula kamera n'kujambula denga la tchalitchi ulaliki uli mkati, kaphokoso kake kakumveka mpaka kwa akwaya.

Ndinamatula galasi loteteza sikirini, chifukwa likang'aluka m'mphepete fumbi ndi chinyontho zimabisala pansi pake. Ndinapukuta ndi kansalu kofewa, kouma. Mnzanga wina anati ndiikwirire mumpunga usiku wonse. Ayi, mpunga wa ku Lifuwu ndi wodyera chambo. Fumbi lake limangodzaza pabowo la tchaja. Foni ikanyowa, izimitseni, chotsani kava, muisiye pamthunzi popita mphepo, osati padzuwa.

Chotsatira ndi kusiyanitsa ngati vuto ndi app kapena ndi chitsulo chenichenicho, ndipo apa ndi pamene ambiri amataya ndalama. Pa mafoni ambiri a Android, dinani batani lozimitsira osachotsa chala, kenako gwirani pa Power off mpaka foni itafunsa za Safe Mode. Mu Safe Mode ma app onse amene munaika nokha amagona, amatsala obwera ndi foni okha. Misala ikalekera pamenepo, wolakwa ndi app, makamaka aja otumizirana ndi anzanu kapena oikidwa pamsika pamodzi ndi nyimbo. Lowani mu Settings, muone pa Accessibility ndi pa Device admin apps. App imene yapatsidwa chilolezo cha Accessibility imatha kudina sikirini m'malo mwanu, ndipo imene yalowa pa Device admin imakana kuchotsedwa mpaka mutailanda chilolezocho. Tochi kapena app yotsuka foni ilibe chochita kumeneko. Landani chilolezo, chotsani app, kenako tsegulani Play Store muyendetse Play Protect, imene imafufuza ma app oipa m'foni. Khalidwe la app yoipa ndi la ghost touch limasiyananso. App yoipa imakonda kutsegula zotsatsa malonda ndi masamba a intaneti, n'kumadya bandulo usiku. Ghost touch ilibe nzeru zotero, imangodina malo omwewo mobwerezabwereza.

Yanga mu Safe Mode momwemo inapitiriza kudzidina, ine manja ndili kumbuyo, akazi anga ali mboni.

Njira imene inandiyeretsa ndi iyi. Mu Settings, pitani pa About phone, mudine Build number ka 7 motsatizana. Pamatseguka Developer options, ndipo mmenemo muyatse Pointer location. Kuyambira pamenepo paliponse pamene foni ikuganiza kuti pakhudzidwa pamatsala mzere kapena kadontho. Ikani foni patebulo, pindani manja, penyani. Pa yanga timadontho tinayamba kuphulika m'mbali ya kudzanja lamanja, kuchokera pakati kukwera kumtunda. Amene amagwiritsa ntchito WhatsApp akudziwa kuti kachizindikiro ka video call kamakhala kumtunda komweko. Nanga dzina la apongozi linapezeka bwanji pafupi? M'mawa wa tsikulo munthu wina, amene sindimutchula chifukwa ndimadya nsima yake, anabwereka foni yanga kulembera mayi ake uthenga. Weruzani nokha.

Mnyamata wokonza mafoni sanachedwe nayo. Anachotsa kava, n'kuiyang'ana cham'mbali, n'kuiika patebulo, n'kuikankha pakona ndi chala. Inagwedera m'malo mogona bwino. "Achimwene, batire latupa ili." Batire la lithium likakalamba, kapena likamatchajidwa pamalo otentha, limapanga mpweya mkati n'kufufuma, ndiye limakankha sikirini kuchokera kumbuyo. Mukaona kampata pakati pa sikirini ndi thupi la foni, kapena chivundikiro chakumbuyo chikunyamuka, lekani kutchaja. Musalifinye kuti libwerere, musalibowole ndi singano kuti mpweya utuluke, limatha kuyaka moto. Anandifunsa kumene ndimatchajira. Ndinati pakhonde la malata, masana. Anangondiyang'ana. Koma nanga magetsi akabwera masana, munthu udikire usiku kuti azimenso?

Anasintha batire lokha, sikirini inapulumuka chifukwa sinapindike kwambiri. Timadontho tikanapitirira, pakanafunika sikirini yatsopano yathunthu, poti pa mafoni ambiri a masiku ano galasi lomva chala ndi loonetsa zithunzi n'zomatidwa pamodzi. Amene amathamangira factory reset, kufufuta zonse za m'foni kuti iyambirenso ngati yatsopano, adziwe kuti imathandiza vuto la app lokha, batire lotupa silimva zimenezo. Ngati mwafikadi pofufuta zonse, yambani mwasunga zithunzi, manambala ndi macheza a WhatsApp ku Google Drive.

Tchaja ya padepoti ija ndinakaitaya kudzala. Mphwanga waitola, akuti kutaya chinthu chogwira ntchito n'kunyada. Ndangomusiya.