Ku Zanzibar, yambani mwasankha gombe musanasankhe hotela

Ife amene tinakula tikusambira ku Salima, ku Mangochi kapena ku Nkhata Bay timadziwa nyanja imodzi yokha: pamene madzi analipo m'mawa, ndi pomwe mudzawapeze madzulo. Nyanja yamchere ili ndi khalidwe lina, ndipo Mmalawi wopita ku Zanzibar koyamba amaluza ndalama zake pa mfundo imeneyi kuposa pa china chilichonse. Amaona chithunzi cha hotela pa intaneti, madzi obiriwira afika pakhonde penipeni, nkulipira. Akafika, akupeza mchenga wonyowa ndi miyala basi, nyanja ili kutali ngati yathawa.

Nkhani yake ndi iyi. M'nyanja ya Indian Ocean madzi amadzala kawiri nkuphwa kawiri pa maola pafupifupi 25, ndipo tsiku lililonse nthawi yake imasuntha ndi mphindi pafupifupi 50. Mwezi ukakhala wathunthu kapena ukangotuluka kumene, kusiyana kwa madzi odzala ndi ophwa kumatha kufika mamita 4. Kummawa kwa chilumba cha Unguja, chomwe ambiri amangochitcha Zanzibar, pansi pa nyanja ndi posalala mpaka kukafika pa mzere wa miyala kumene mafunde amaswekera. Choncho ku Paje, Jambiani, Bwejuu, Pongwe, Kiwengwa ndi Matemwe madzi akaphwa amabwerera mtunda wa kilomita kapena kuposa. Ngati adzala 6 koloko m'mawa, dziwani kuti masana onse simusambira pokhapokha hotelayo ili ndi dziwe lake. Kumpoto, ku Nungwi ndi Kendwa, gombe limatsetsereka msanga ndipo mumasambira nthawi iliyonse.

Sikuti kummawa nkoipa ayi. Ine ndimakuona kokongola kuposa kumpoto. Madzi akaphwa, amayi a ku Jambiani amalowa m'minda yawo ya mwani, chomera cha m'nyanja chimene amachimangirira pa zingwe zokokedwa pakati pa tizikhomo, nkukhala m'madzi ofika m'mawondo, nsalu zawo zitanyowa, akumasula mitolo yokayanika kumtunda. Mumayenda nawo pamchenga woyera ngati ufa, nyanja ili phee. Koma valani nsapato za pulasitiki zothina bwino, chifukwa pakati pa miyala pamabisala tizilombo takuda ta minga yaitali, ndipo mingayo imathyokera m'phazi. Ndipo musatalikire osafunsa nthawi: madzi akayamba kubwerera amadzaza zigwa za kumbuyo kwanu musanazindikire.

Ndiye musanalipire, fufuzani pa intaneti ndondomeko ya kudzala ndi kuphwa kwa madzi a ku Zanzibar pa masiku enieni amene mukupita. Imapezeka miyezi yambiri pasadakhale. Ngati muli ndi ana ofuna kusambira tsiku lonse, pitani kumpoto. Ngati mukufuna bata, kummawa. Dziwaninso kuti ku Kendwa kumakhala phwando la usiku mwezi ukawala wathunthu, ndipo chipinda choyandikana nalo simugonamo.

Pali msampha wina wosiyana ndi umenewu. Mahotela ena anamangidwa pamwamba pa thanthwe, ndipo madzi akadzala amagunda khoma, mchenga wonse nkumira. Chithunzi anajambula madzi ataphwa, gombe likuoneka lotambalala. Tsegulani mapu a setilaiti, muone ngati pakati pa nyumbazo ndi madzi pali mchenga wouma. Muonenso ngati pali msewu kapena hotela ina pakati, popeza mawu akuti sea view amangotanthauza kuti nyanja mudzaiona pazenera, pamene beachfront ndiye kuti mukatuluka mwaponda mchenga.

Nyengo nayo imasankha mbali. Kuyambira cha m'Meyi mpaka Seputembala kumaomba kusi, mphepo yochokera kummwera chakummawa, yofanana ndi mwera wathu ndipo imabwera miyezi yomweyo. Imagunda gombe la kummawa mwamphamvu, nchifukwa chake Paje ndi kwawo kwa anthu oseweretsa makaiti panyanja, komanso imakankhira zinyalala za zomera za m'nyanja pamchenga. Pa boti lochokera ku Dar es Salaam anthu amasanza kwambiri nthawi imeneyi. Kuyambira Disembala mpaka Malichi imabwera kaskazi yochokera kumpoto chakummawa, ndipo kumatentha zedi. Chipinda cha fani yokha sichikwanira. Mvula yaikulu, masika, imagwa kuyambira Malichi mpaka Meyi, makamaka Epulo. Mitengo imatsika, inde, koma mahotela ena amatseka kuti akonze nyumba. Mvula ya vuli cha m'Novembala ndi yodukizaduka, siononga ulendo.

Pa chakudya, lolani malo akuuzeni. Ku Nungwi ndi Paje malo odyera ali mbwee kunja kwa mpanda, kotero kulipira chogona ndi kadzutsa kokha nkokwanira, ndipo mudzadya nsomba ndi mpunga wa kokonati pa mtengo wotsika. Ku Pongwe kapena Matemwe mungayende mtunda osapeza podyera, ndiye tengani half board, kutanthauza kadzutsa ndi chakudya chamadzulo. Zakumwa sizikhalamo, ngakhale madzi a m'botolo nthawi zambiri. All inclusive, kutanthauza kulipiriratu chakudya chonse ndi zakumwa, imapindula kwa amene sadzatuluka pageti. Ngati mukufuna tsiku ku Stone Town, chigawo chakale cha mzinda wa Zanzibar, lina ku nkhalango ya Jozani kukaona anyani ofiira aja, lina pa boti kufupi ndi kachilumba ka Mnemba, mwalipira nkhomaliro zitatu zomwe simudzadya.

Alembereni a hotela mafunso awa, ayankhe polemba. Kodi jenereta imayendetsa ndi makina oziziritsa chipinda, kapena magetsi a pakhonde okha? Magetsi amazimanso kumeneko. Kodi madzi osamba ndi a pachitsime cha pafupi ndi gombe? Ena amakhala amchere, sopo sachita thovu. Pabedi pali neti? Malungo achepa pachilumbachi koma sanathe. Ndipo kodi msonkho wa boma wa munthu aliyense usiku uliwonse uli kale mu mtengo? Kawirikawiri umalipiridwa padera potuluka, ndipo kwa banja la anthu anayi logona masiku asanu ndi ndalama yooneka. Ndi mmene ndalama zakunja zimavutira kwathu kuno, ndi bwino kudziwiratu zonse muli ku Lilongwe kusiyana ndi kuyesa khadi ikukana pa kauntala.

Onjezani pa bajeti mtunda. Kuchoka pabwalo la ndege la Abeid Amani Karume kufika ku Nungwi ndi makilomita pafupifupi 60, ola ndi theka pa galimoto; ku Paje ndi ola limodzi. Gwirizanani mtengo wa takisi musanakwere. Ma dala-dala, omwe ndi maminibasi a kumeneko, alipo ndipo ngotchipa, koma ndi masutikesi mudzavutika. Obwera pamsewu kudzera pa Songwe ndi Mbeya amakakwera boti ku Dar es Salaam, ulendo wa maola pafupifupi awiri, ndipo maboti othamangawa amayenda masana okha. Gulani tikiti mu ofesi yeniyeni, osati kwa anyamata okuthamangirani pageti. Pasipoti ikhale m'manja chifukwa padoko la Zanzibar amaionanso ngakhale mwachokera mkati mwa Tanzania. Kuyambira pa 1 Okutobala 2024 boma la Zanzibar linakhazikitsa inshuwalansi yokakamiza kwa alendo akunja, yomwe inayamba pa madola 44 munthu wamkulu ndipo imagulidwa pa intaneti ku Zanzibar Insurance Corporation; onani malamulo ake atsopano sabata yonyamuka. Odzera ku Nairobi kapena Addis Ababa nkukhalitsa pabwalo angafunsidwe khadi ya katemera wa yellow fever.

Anthu ambiri pachilumbachi ndi Asilamu. Zovala zosambira zithere pagombe. Polowa m'mudzi kapena mu Stone Town phimbani mapewa ndi mawondo, chitenje chimodzi chimakwanira. M'mwezi wa Ramadan malo ambiri odyera a m'midzi amatseka masana, ndiye ngati masiku anu agwera pamenepo, half board ija ndi yofunika ngakhale ku Paje.