Mbiri ya moyo wanga, gawo 11: Njinga yopanda katundu

M'gawo lapitali tinasiyana nditapeza ntchito yosamalira maluwa ku Blairgowrie, kuno ku Johannesburg. Lero ndikuuzeni za njinga.

Ine njinga ndinakula nayo. Ku Balaka ndinali wa kabaza: m'mawa amayi opita kumsika, masana matumba a makala, madzulo aphunzitsi oweruka. Msewu ukachita matope tinkadzera kanjira ka m'mbali mwa njanji yopita ku Nkaya, poti njanji ilibe zitunda zothyola msana. Sitima sitha kukwera mtunda umene galimoto imakwera, ndiye oyala njanji amadula zitunda n'kukwirira zigwa. Koma kukwera njinga popanda chokatenga sindinkakudziwa. Keriyala ikakhala yopanda munthu, mtima sunkakhala m'malo.

Abwana anga anali ndi njinga yakale m'galaja, ya magiya ndi matayala onenepa, tcheni chitachita dzimbiri. Atandipatsa ndinachitsuka ndi parafini, ndinamata chubu, n'kumanga masipoko omwe anali atakhwepa. Cholinga changa chinali kupulumutsa ndalama ya takisi basi.

Tsono kutchalitchi kwathu kuli bambo wina wa ku Ntcheu, wokhalitsa kuno, amene tonse timawatchula kuti amalume. Lamlungu lina titaweruka mapemphero anandiitana.

"Mphwanga, katenge njinga ija."

"Tikukatenga chiyani, amalume?"

"Palibe. Tikukangoyenda."

Tinalowera ku Delta Park n'kutsetsereka mpaka kumtsinje wa Braamfontein Spruit. Kanjira kake n'kadothi, kamatsata madzi kuchokera cha ku Emmarentia Dam kulowera kumpoto kwa mzinda, pena pansi pa misondodzi, pena pansi pa nthambo zikuluzikulu za magetsi. Mumakumana ndi aliyense: othamanga, agogo okoka agalu pa chingwe, ana ophunzira kupalasa, ngakhale okwera akavalo. Mbalame zija zaphokoso, ma hadeda, zinkajompha pansi osatithawa n'komwe.

Miyendo yanga inkangothamanga yokha, chizolowezi cha kabaza. Amalume anafuula kumbuyo, "Mphwanga, akukudikira ndani?" Ndinagwira mabuleki. Anandiphunzitsa kuti ukafuna kupitirira woyenda pansi uyambe walankhula, ndipo ukaona kavalo uchepetse liwiro, usamudzidzimutse. Pamalo pena tinatsika, tinatsamiritsa njinga pamtengo, n'kudya buledi ndi mazira owiritsa mapazi ali mu udzu. Tinakamba za mvula ya kumudzi, za ana awo amene anakula iwo kulibe. Aka kanali koyamba chibwerereni kuno kuti ndikhale panja osayang'ana wotchi kapena galimoto ya apolisi.

Sindibisa, si zonse zokongola kumeneko. Pansi pa milatho pamagona anthu, ena ndi aja otola mabotolo ndi zitini, ndipo madzi akasefukira amasiya mapulasitiki atakola m'nthambi. Okwera njinga zodula ambiri amangodutsa fyuu. Amalume ankapereka moni kwa aliyense, ndipo ine ndinatengera.

Lolemba lake nditawafotokozera abwana, anatulutsa foni kundionetsa zithunzi za mwana wawo wokhala ku New Zealand. Kumeneko kuli njira yotchedwa Otago Central Rail Trail, yotalika makilomita pafupifupi 150. Kale munkadutsa sitima; itasiya kuyenda mu 1990 anazula zitsulo, ndipo mu 2000 anatsegula njirayo kuti muzidutsa njinga, oyenda pansi ndi akavalo. Milatho ya sitima idakalipo, ngakhale mapanga oboola phiri, anthu amalowamo ndi matochi. Ndinaimvetsa msanga chifukwa chake nkhalamba zimatha kuipalasa: ndi kusalala komwe kuja kwa njira ya ku Nkaya.

"Kwanu sangachite chimodzimodzi?" anandifunsa.

Ndinawayankha kuti ayi, bwana, kwathu njanji tikuifunabe. Feteleza ndi mafuta zibwere pa sitima kuti zitsike mtengo. Chimene ndimalakalaka n'choti kanjira kam'mbali kaja kakonzedwe bwino, akabaza anzanga asamalimbane ndi malole pamsewu wa M1, komanso kuti tsiku lina nawonso adzapalase Lamlungu masana keriyala ili yopanda kanthu, mtima uli m'malo.

Gawo likubwerali ndidzakuuzani momwe njinga yomweyi inandipezera ganyu yachiwiri ku Randburg, ndi zimene zinachitika usiku umene ndinabwerako mochedwa.