Kansomba ka mizere kochokera m'minda ya mpunga

Pa shopu ina ku Limbe aika thanki yagalasi pafupi ndi kauntala, mkatimo muli tinsomba tating'ono kuchepera chala changa chakankombaphala, tikungothamangitsana osapuma. Mwana wina amene amayang'ana nane anafunsa amayi ake ngati ali matemba, amayiwo akuti "iwe, matemba amakhala ndi mizere ya buluu?" Koma mwanayo sanaphonye kwambiri ayi.

Kansombaka ndi zebrafish, asayansi amati Danio rerio. Si ka kuno, kwawo ndi ku India, Bangladesh ndi Nepal, makamaka kuzigwa za mitsinje ya Ganges ndi Brahmaputra, ndipo amene anayamba kukalemba m'mabuku a sayansi ndi dokotala wa ku Scotland Francis Hamilton mu 1822. Kutalika kwake masentimita 3 kapena 4 basi. Mizere yake ndi yogona, kuchokera kumutu mpaka kumchira, ndiye ukayang'anitsitsa umatha kusiyanitsa, kakamuna kamakhala kowonda kagolidegolide pakati pa mizerepo pomwe kakakazi kamakhala ndi kamimba kotukuka koyererako.

Chimene chimandisangalatsa ine ndi moyo wake kutchire osati muthankimo. Sikafuna madzi othamanga, kamakonda timifuleni todekha, maiwe, ngalande, malo osaya a udzu. Mvula yambiri ya kumeneko, yotchedwa monsoon, ikagwa cha mu June madzi n'kusefukira, timalowa m'minda ya mpunga n'kumaswana momwemo, kudya tizilombo ta m'madzi ndi mphutsi za udzudzu, madzi akayamba kuphwa tibwerera kumtsinje. Amene anakhalako kumbali ya Domasi kapena Likangala zimenezi sizachilendo, matemba a ku Chilwa nawonso amadalira mitsinje ndi madambo, nyanja ija itauma mu 1968 ndi 1995 anapulumukira m'maiwe a m'mitsinje yothira m'nyanjamo mpaka madzi anabwerera. Ndipo pa ubale, usipa wathu, mpasa ndi sanjika ali pafupi ndithu ndi kansomba ka ku India aka, a fuko limodzi.

Kuswana kwake kumachitika m'bandakucha dzuwa likangoti tulukire. Kakakazi kamamwaza mazira mahandiredi nthawi imodzi, kakamuna n'kuthira umuna pompo, zatha. Palibe zolera ana ngati mmene chambo amasungira ana ake m'kamwa, apa makolo akawapeza mazirawo amadya okha, zoona. Amene apulumuka amaswa pakatha masiku 2 kapena 3, pofika miyezi itatu nawonso ayamba kubereka.

Tsono mazirawo ndi owonekera mkati, ukaika pa maikulosikopu umaona mwana akuumbika, mtima ukuyamba kugunda pakangotha tsiku limodzi, magazi akuyenda, zonse poyera. N'chifukwa chake George Streisinger wa ku University of Oregon anayamba kukaweta mu labu zaka za m'ma 1970, lero kali m'malabu dziko lonse lapansi. Mu 2013 asayansi atamaliza kuwerenga majini ake (ma gene, tinthu ta m'thupi timene mwana amatengera kwa makolo) anapeza kuti pafupifupi 70 peresenti ya majini a munthu ali ndi ofanana nawo mwa kansombaka. Chinanso chimene mpaka pano chimandizunguza mutu, akakadula chipsepse chimaphukanso, ngakhale kachigawo ka mtima akadula kamameranso pakatha miyezi iwiri, pamene ife mtima ukavulala chimatsala ndi chipsera mpaka kalekale. Ofufuza akulimbana nazo kuti amvetse chimene kamachita chomwe ife timalephera.

Kwa amene mukuweta pakhomo, musagule kamodzi kokha chonde, timakhala m'gulu timeneti, kakatsala kokha kamangobisala pakona. Ndipo mukatopa nato mupatse mnzanu, osakataya mumtsinje. Mumtsinje wa Mudi ku Blantyre kaya tingakhalemo ndi mmene madzi ake adera muja, koma kumadambo a ku Chikwawa kotentha kuja tikhoza kuswana n'kumalimbirana chakudya ndi matemba athu omwe.