Samalani miyendo yakumbuyo ya ana a akalulu

Inu amene mukuweta akalulu ang'onoang'ono pakhomo, chonde samalani ndi kanyamulidwe kake. Mafupa a kalulu ndi opepuka kwambiri, pafupifupi 8 peresenti chabe ya kulemera kwa thupi lonse, pomwe minofu ya miyendo yakumbuyo ndi yamphamvu zedi, moti akadzidzimuka n'kuyamba kuphupha ali m'manja angathe kuthyoka msana kapena kuguluka fupa la m'chiuno. Musamunyamule pomugwira makutu. Dzanja lina lilowe kunsi kwa chifuwa, lina lichirikize kumatako, ndipo mumutsamiritse pathupi panu.

Pansi poterera napo ndi poopsa, chifukwa mwana wa kalulu akamakulira pa matailosi miyendo yake imatha kuthawira m'mbali mpaka kulephera kuibwezanso pansi pa mimba. Muyalireni udzu wouma kapena chiguduli.

Mukaona akukhwekhwereza mwendo, akukanika kudumpha, kapena ubweya wakumbuyo wanyowa ndi mkodzo, muikeni m'kabokosi kuti asamayendeyende, ndipo thamangirani naye kwa dokotala wa ziweto akamujambule mafupa. Kalulu amabisa ululu, ndipo zimandiwawa kuti anthu ambiri amadzazindikira kaluluyo atasiya kale kudya. Akatha maola 12 osadya, matumbo ake amakhala pachiopsezo choleka kugwira ntchito, choncho musadikire kuti kuche.